Mwana akangoti zii, musamusiye yekha

Zikomo a mfumu, zikomo makolo nonse. Maliro a mnyamata wodzipha uja tonse tinalipo, sindibwereza. Koma kumanda ena amanong'onezana kuti analodzedwa. Ayi, tiyeni tikambirane.

Ku Canada kuli eni nthaka amene azungu anawapeza. Boma linkawalanda ana n'kuwaika m'sukulu zogonera komweko, ndipo mwana akalankhula chinenero cha kwawo ankalangidwa. Bala limenelo silinapole. Mu 2016, m'mudzi wina wa eni nthakawo wotchedwa Attawapiskat, anthu 11 anayesa kudzipha usiku umodzi. Ofufuza awiri, Michael Chandler ndi Christopher Lalonde, anaunika madera a eni nthaka pafupifupi 200 m'chigawo cha Canada cha British Columbia n'kutulutsa zotsatira mu 1998. Pa zaka zimene anaunikazo, m'madera ambiri simunafe wachinyamata ndi mmodzi yemwe mwa njira imeneyi, kwina maliro ankangotsatizana. Kumene anthu ankadziyendetsera okha sukulu, zaumoyo, milandu ya malo ndi miyambo yawo, ana ankagwira moyo. Kafukufuku wa 2007 anaonjezera kuti kumene ambiri amalankhulabe chinenero cha makolo, imfa zotere zinali zochepa zedi.

Ndiye mwana akangoti zii, musamusiye yekha. Inu amayi, wasiya nsima masiku angapo, mukungoti "akadya njala ikamupweteka"?

(Bambo wina: "Amenewo ndi akunja! Kuno vuto ndi chamba ndi kachasu basi.")

Zikomo bambo, khalani pansi. Chamba chilipo, sindikukana. Koma anayamba bwanji kusuta? Mnyamata walemba Fomu 4, ntchito palibe, ngongole ya katapila yamupana, akabwera kunyumba mukumuti mlesi pamaso pa azing'ono ake. Akalira mumati mwamuna salira. Ndiye akalire kuti? Kwa ogulitsa kachasu ndi kumene samuseka. Ndipo akunjawo aphunzira chinthu chimodzi: wofufuza asangobwera ndi mapepala, kufunsa mafunso n'kupita. Eni nthaka aja anaika malamulo akuti zopezekazo ndi za mudzi, akuluakulu ndi achinyamata akhale nawo kuyambira poyamba. Akabwera a bungwe kuno, ifenso tiwafunse zomwezo. Osangothamangira alawansi.

Ndaona kumbuyoko mwayamba kuyasamula, ndifulumire. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumupatsa maganizowo. Mumvetsereni, osamulalatira. Mankhwala a mbewu atsekereni. Uzani alangizi a zaumoyo, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Usiku agone ndi munthu pafupi, musamusiye yekha. A komiti mutsale pang'ono, tisankhe achinyamata awiri olowa m'gulu lathu.