Dokotala wachinyamata akayamba kuphunzitsa, nthawi ya kafukufuku aipeza kuti?

Zikomo a tcheyamani, zikomo nonse mwabwera. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Andipempha kuti ndilankhule za madokotala amene angomaliza maphunziro a ukadaulo, n'kulembedwa ntchito yophunzitsa pa sukulu ya zaudokotala. Ena mwa inu ndinu omwewo. Ena ndinu makolo awo, amuna awo, akazi awo, ndipo ndikudziwa funso limene muli nalo mumtima: munthu ntchito anaipeza kale, nanga usiku wonse pa kompyuta akulembanso chiyani? Akulemba zopempha ndalama za kafukufuku. Koma ndalamazo kwenikweni akufuna agulire nthawi.

Munthu ameneyu amamulemba ntchito zitatu pa malipiro amodzi: kuona odwala, kuphunzitsa, ndi kuchita kafukufuku. Wodwala sadikira, akabuula uyenera kuthamanga. Kalasi ili ndi ola lake, ukachedwa ophunzira akufunafuna. Kafukufuku yekha ndiye alibe pakamwa. Ukamusiya sabata ino sadandaula, ukamusiya chaka chonse ali chete. Tsono ikafika nthawi yokweza anthu pa ntchito, komiti imatsegula faelo n'kufunsa za wopanda pakamwa uja: wasindikiza mapepala angati, wabweretsa thandizo lanji? Maola onse unagwira usiku mu wodi, ochepa okha ndi amene amawawerengera.

Vutoli si la lero. Mu 1979, dokotala wa ku America, James Wyngaarden, amene pambuyo pake anadzatsogolera bungwe la boma la America lothandiza kafukufuku wa zaumoyo, National Institutes of Health, NIH, analemba kuti madokotala ochita kafukufuku akusowa ngati nyama imene ili pafupi kutheratu m'tchire. Ndikufuna tione momwe bungwe limeneli limathandizira anthu oyamba kumene, chifukwa nzeru yake ndi yothandiza kulikonse.

Ali ndi thandizo limene amalitchula ndi chilembo K. K08 ndi ya dokotala amene akufufuza za mu labotale, K23 ndi ya amene kafukufuku wake akukhudza odwala mwachindunji. Zimatenga zaka 3 mpaka 5. Apa mvetserani bwino, chifukwa mutu wa nkhani yanga uli pamenepa. Kawirikawiri amafuna kuti 75 peresenti ya nthawi yako ya ntchito ipite ku kafukufuku ndi kudzikulitsa pa luso, ndipo amalipira gawo la malipiro ako kuti zimenezi zitheke. N'chifukwa chiyani? Chifukwa akudziwa kuti chipatala sichingakumasule chabe. Ukachoka mu wodi, pafunika wina akhale m'malo mwako, ndipo winayo ndi wolipidwa. Amafunanso kalata yochokera kwa mkulu wa dipatimenti yako, yolonjeza kuti nthawiyo adzakupatsadi.

Kalata imeneyi musaipeputse. Ine nditangoyamba ntchito, abwana anga anandiuza pakamwa kuti masiku awiri pa sabata ndi anga a kafukufuku. Ndinasangalala, ndinauza ndi kunyumba komwe. Patangopita miyezi yochepa mnzathu mmodzi anasiya ntchito, masiku anga aja n'kulowa pa ndandanda wa chipatala. Nditapita kukadandaula anandifunsa kuti, zinalembedwa pati? Sanali munthu woipa ayi, nayenso odwala anamupanikiza. Wopusa ndinali ine. Choncho mukamakambirana za ntchito, musafunse za malipiro okha. Funsani kuti masiku a kafukufuku ndi ati, kwa zaka zingati, malo ogwirira alipo, ndipo pali kandalama koyambira kapena ayi. Zonsezo zilembedwe, zisainidwe.

China chimene thandizo la K limafuna ndi mlangizi, munthu amene anadutsa kale njirayi. Anthu oona mapepala opempha thandizolo amayesa iweyo, amayesa kafukufuku wako, amayesanso mlangizi wako. Achinyamata ambiri amathamangira pulofesa wotchuka kwambiri. Ine ndimati funsani kaye amene anadutsa m'manja mwake. Ali kuti lero? Pa mapepala amene analemba limodzi, dzina loyamba linali la ndani? Ukamutumizira zolemba, amabweza liti? Kuli bwino munthu wadzina laling'ono amene amawerenga tsamba lako ndi cholembera chofiira, kusiyana ndi wamkulu amene umamuona kamodzi pa chaka, ali pa ulendo wa ku bwalo la ndege. Ndipo mlangizi wabwino adzakuphunzitsa kukana. Munthu watsopano aliyense amamufuna: khala mu komiti iyi, tithandize pa pepala ili, konza msonkhano uwo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zaka zitatu zimatha uli ndi mayamiko ambiri, funso lakolako la kafukufuku ulibe.

Za kukanidwa ndinene mwachidule. Mudzakanidwa. Ku NIH amapereka mamalikisi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo 1 ndiye wapamwamba. Amakutumizira ndemanga za oona aja, n'kukulola kukonza ndi kutumizanso. Tsiku loyamba mukwiye, tsiku lachiwiri musawerenge, lachitatu mukhale pansi ndi mlangizi muyankhe mfundo imodzi imodzi.

Amayi, apa pali chanu. Bungwe lomweli limaona mwapadera ofufuza amene sanapitirire zaka 10 chimalizireni maphunziro awo, akamapempha thandizo lalikulu la kafukufuku lotchedwa R01. Mayi akabereka mkati mwa zakazo, amatha kupempha kuti amuwonjezere chaka. Ambiri safunsa, amaganiza kuti akupempha chisoni. Si chisoni, ndi lamulo lawo lomwe. Kulikonse kumene mukupempha, werengani ngati pali ndime yotere. Ku America komweko, kumene ambiri amamaliza sukulu ali ndi ngongole zazikulu, NIH imatha kubweza mpaka madola 50,000 pa chaka a ngongole ya maphunziro kwa amene adzipereka ku kafukufuku. Ku Britain kuli bungwe la Wellcome, nalonso lili ndi thandizo la oyamba kumene, lofika zaka 5. Malamulo a mabungwe amenewa amasintha, ndiye werengani chikalata cha chaka chimene mukupemphacho, osati chimene mnzanu anagwiritsa ntchito kale.

Ndipo musayambire pa zazikulu. Masukulu ambiri ali ndi tindalama tochepa toyesera ganizo, mabungwe a madokotala a nthambi yanu nawonso amakhala nato. Tomweto timakupatsani zotsatira zoyamba, zimene opereka ndalama zambiri amafuna kuona asanakukhulupirireni.

Sabata ino, aliyense wa inu aphunzitsi atsopano alembe tsamba limodzi lokha: funso lanu ndi liti, n'lofunika bwanji, mudzaliyankha motani. Mulipereke kwa munthu amene si wa nthambi yanu. Akapanda kumva, mulembenso. A tcheyamani akundiloza wotchi. Achemwali apo munakweza dzanja kalekale, funsani.