Za msewu wofiira wa ku Cape Town, mnyamata asananyamuke

Amayi, mwaswera bwanji kumeneko? Kuno tili bwino, mphepo yokha ndiye yavuta sabata ino. Uthengawu ukhala wautali pang'ono, mundipirire. Mukamaliza kumva mumupatse foniyi mng'ono wangayo amvenso yekha ndi makutu ake, chifukwa zambiri ndikunena ndi iyeyo.

Mwandifunsa kuti akafika kuno aziyenda bwanji, poti mumamva kuti misewu ya kuno ndi yoopsa. Nkhawa yanu ndi yomveka. Koma m'dera lomwe ndikukhala, cha ku Dunoon kuno, kuli basi yotchedwa MyCiTi, ya khonsolo ya mzinda. Inayamba mu 2010, chaka cha mpira wa World Cup uja, ndipo mu 2011 anatsegula njira yaikulu yochokera ku Table View kukafika ku Civic Centre m'tauni. Basi imeneyi ili ndi msewu wakewake. Pakati penipeni pa msewu waukulu anapatulapo kanjira kofiira, ndipo m'menemo mumadutsa basi yokhayo. Galimoto ya munthu wamba ayi, taxi ayi, njinga yamoto ayi. M'mawa magalimoto akathithikana, onse atangoima mabuleki ali ngwee, basi imangodutsa pakati pawo osaima, mpaka pa siteshoni yake. Ndiye munthu umadziwa nthawi yofikira kuntchito. Kuno bwana samva zoti kunali jamu, amayi.

Tsopano iwe, mvetsera bwino. Ndikudziwa kuti ukubwera ndi maganizo a njinga yamoto, ija yoperekera zakudya ndi katundu wa m'mashopu, poti anzako akuuza kuti ndalama yake ndi yooneka. Sindikukaniza. Koma manja ako anazolowera kabaza wa pa Chitakale, pomwe ukaona mpata umangolowa, kumanzere, kumanja, pakati pa minibasi ndi lole ya tiyi. Kuno mpata waukulu womwe udzauone ndi msewu wofiirawo. Udzakhala uli mbee, wopanda kanthu, iwe uli pa mzere, kasitomala akuimba foni kuti chakudya chikuzizira. Mtima udzati lowa, ndi pafupi pomwepa. Usalowe. Ndikubwerezanso, usalowe. Basi imeneyo ndi yaitali, ina ndi yolumikiza pakati ngati mabasi awiri, yodzaza anthu, ndipo dalaivala wake sayembekezera kukumana ndi munthu m'njira yake. Akakuona mochedwa sangaime pomwepo, ndipo alibe kokhotera chifukwa mbali ina kuli siteshoni kapena chitunda, mbali ina magalimoto. Ukapulumuka basi, atrafiki akulemba chindapusa. Ndipo kwa ife obwera, kuimitsidwa ndi apolisi sikuthera pa chindapusa chokha, amayamba kufunsa mapepala. Ndiye laisensi yako ikhale yeniyeni, ya njinga yamoto, osati zija zongomvana ndi munthu. Helemeti kumutu, yomanga lamba wake pachibwano.

Choopsa china, ichi ndi cha woyenda pansi, ndipo chimagwira anthu atsopano. Masiteshoni akuluakulu a basiyi ali pakati pa msewu, osati m'mbali monga siteji ya kwathu. Kuti ukwere uyenera kuwoloka kaye. Ndiye umaona magalimoto aima pa jamu, n'kuganiza kuti msewu wonse waima, n'kuyamba kupyola pakati pawo. Ukangotulukira kuseri kwa galimoto lomaliza uli kale m'njira ya basi, ndipo iyo siinaime. Pali malo owolokera okhala ndi maloboti. Umadina batani, kudikira kamunthu kobiriwira kayake, kenako n'kuyang'anabe mbali zonse ziwiri, chifukwa alipo madalaivala odutsa loboti itafiira. Mwayi wako ndi woti kuno amayenda kumanzere ngati kwathu, ndiye maso ako sasokonezeka. Zomvera nyimbo m'makutu uzichotsa ukamawoloka.

Za kulipira. M'basi mulibe kondakitala, ndipo dalaivala salandira ndalama. Pali khadi lotchedwa myconnect, umaligula pa siteshoni n'kumaikamo ndalama. Polowa umaligunditsa pa makina, potulukanso umaligunditsa. Ukaiwala potuluka amakudula ndalama ya chilango, chifukwa mtengo umatengera kutalika kwa ulendo ndipo makinawo sadziwa pomwe watsikira. Nthawi yomwe anthu akuthamangira kuntchito m'mawa, ndi madzulo poweruka, mtengo umakwererapo. Khadi lako ndikugulira ine, usadandaule nazo. Pa siteshoni ya pakati pa msewu zitseko za basi zimatseguka kudzanja lamanja, ndipo pansi pa siteshoni ndi pokwera, pofanana ndi pansi pa basi. Agogo, mayi wa mwana, ngakhale wa pa njinga ya olumala amangolowa osakwera masitepe. Amayi, ndikaona zimenezi ndimakumbukira maondo anu pokwera minibasi.

Si kuti mzinda wonse uli chonchi. Anthu ambiri kuno amayendabe pa mataxi, omwe ndi maminibasi omwewa, ndi mabasi a Golden Arrow, ena pa sitima. Mbali ya ku Khayelitsha ndi Mitchells Plain basi ya MyCiTi inayamba kufika mu 2014, yodzera mu msewu waukulu wa N2, ndipo m'menemo muli njira yomwe m'mawa amaisiyira mabasi ndi mataxi olowa m'tauni. Akumanganso njira ina yochokera kumeneko kupita ku Wynberg ndi Claremont, ndiye ukatumidwa mbali imeneyo uyembekeze misewu yokumbidwa ndi yotsekedwa. Komanso pakati pa eni mataxi ndi khonsolo pamakhala kukokana. Mu August 2023 mataxi ananyanyala chifukwa cha kulandidwa kwa magalimoto awo, anthu anayenda pansi mitunda italiitali usiku, mabasi ena anawotchedwa, ndipo anthu anafa. Tsiku lomwe udzamve kuti mataxi anyanyala, njinga uisiye m'nyumba. Oda imodzi siingakulipire chipatala.

Ine eni mataxi ndimawamvetsa mbali ina, chifukwa basi ikatenga okwera awo nsima ya ana awo yachepa. N'chifukwa chake kuno, monganso ku Joni pomwe anayambitsa basi yangati yomweyi yotchedwa Rea Vaya mu 2009, eni mataxi ena anawalowetsa m'makampani oyendetsa mabasiwo kuti akhale ndi gawo. Koma pa nkhani ya moyo wa munthu ndilibe mitima iwiri. Msewu umodzi sungasenze zonse nthawi imodzi, basi, lole, njinga, wogulitsa tomato ndi mwana wa sukulu, n'kumati aliyense adzisamale yekha. Wofooka ndiye amapwetekeka nthawi zonse. Kuno m'mbali mwa njira ya basi yopita m'tauni anaikamonso kanjira ka njinga zakapalasa ndi oyenda pansi, kotalikirana ndi magalimoto. Munthu amapalasa mtima uli m'malo.

Ndipo izi si za mayiko olemera okha. Aneba athu a ku Tanzania anatsegula njira yawo ya mabasi okhaokha ku Dar es Salaam mu 2016, makilomita pafupifupi 21, yaikulu yochokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni mu Morogoro Road. Achimwene a ku Limbe omwe amakaoda katundu ku Kariakoo muwafunse, akuuzani. Ndiye ndikaganiza za Chipembere Highway, kuchoka ku Limbe kupita ku Blantyre, momwe maminibasi amaimira paliponse pomwe munthu wakweza dzanja, ndimaona kuti msewu umenewu ndi womwe ukanayamba kupatsidwa njira yotere.

Kwathu ku Mulanje sitikufunika basi ya msewu wakewake, magalimoto ake si ochuluka choncho. Koma taganizirani tsiku la msika pa Limbuli, kapena pa Nkando. Malonda amafika mpaka m'mphepete mwa tala, kabaza waima pomwepo, minibasi ikutsitsa pomwepo, oitanira akukokerana okwera, ndipo lole yopita ku Muloza ikudutsa pakati. Pamenepo chofunika ndi chaching'ono: malo oti minibasi izipatukira ikamatsitsa, malo owolokera ooneka bwino, zitunda zochepetsa liwiro, ndi kanjira ka oyenda pansi komwe sikatsekedwa ndi mabenchi. Akatswiri a za ngozi zapamsewu amati pomwe anthu ndi magalimoto akusakanikirana liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola, chifukwa munthu wogundidwa pa liwiro limenelo nthawi zambiri amapulumuka, pomwe likakwera mwayi wake umachepa msanga. Amalume amakhala nawo pa misonkhano ya VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi ija, muwauze ayitule nkhaniyi, ipite ku ADC, komiti ya dera lonse, makhansala aimve. Ngakhale pa sukulu pokha patakhala munthu wowolotsa ana m'mawa ndi poweruka, makolo atha kusinthana.

Ndipo adzukulu anuwo, amayi, akatsika minibasi asamawolokere kutsogolo kwake kapena kuseri kwake. Adikire ichoke kaye, aone msewu wonse. Wamng'onoyo asamatumidwe yekha kutsidya la tala.

Iwe mnyamata, sabata yoyamba sugwira njinga ya munthu aliyense. Tiziyenda limodzi pa basi, ukhale pa windo, uone momwe misewu yagonera, mphambano zomwe basi ili ndi loboti yakeyake, ndi malo omwe saloleza kukhotera kumanja kudula njira yofiira. Ukangodziwa tsiku lonyamuka ku Blantyre undiuze, ndipo ukafika ku Joni undiimbire usanakwere basi ya kuno, kuti ndidziwe nthawi yokakuchingamira. Utenge jekete yolemera. Amayi, ndalama ya feteleza nditumiza Lachisanu ndikalandira. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.