Alamu, musanalipire Weller uja tamverani kaye

Alamu, mwaswera bwanji uko. Chithunzi chija ndachiona, eya, botolo la leba yofiira, ameneyo ndi Weller Antique 107, wisiki amene munthu wina akufuna kukugulitsani pa mtengo wopinda kawiri wa m'shopu uja. Ndiye musanatulutse ndalama tamverani kaye, ndilankhula motalikirapo, ngati muli pa shifiti mumvera mukaweruka.

Choyamba galasi... ayi dikirani, ndiyambe ndi nambala ija. 107 si zaka, musaseke, wina anandifunsapo zimenezo. Ndi proof, mmene amayezera ukali wa mowa kuno ku America, mumangogawa pawiri, ndiye kuti 53.5 peresenti. Wa leba yobiriwira, Special Reserve, ndi 90, kutanthauza 45. Wa leba yakuda wa zaka 12 nayenso ndi 90. Wanuyo ndiye wolusa pa atatuwo.

Nanga anthu akulimbiranirana chani? Nkhani yake ndi tirigu. Weller ndi bourbon, mtundu wa wisiki wa kuno ku America, ndipo bourbon aliyense lamulo limati chimanga chisachepere 51 peresenti, ndipo agonere mu migolo yatsopano ya oak yowauka ndi moto mkati. Ambiri pamwamba pa chimangacho amathira rye, kambewu kofanana ndi tirigu koma kamaluma pa lilime ngati tsabola. Weller alibe rye, m'malo mwake muli tirigu, ndiye amatsika mofewa, motsekemererako. Tsono Pappy Van Winkle, bourbon wotchuka wosowa uja mumamumva, amene mu 2013 anabedwa makatoni ambirimbiri mpaka nkhani kutuluka pa TV, amaphikidwa ndi msakanizo umodzimodzi, pa fakitale imodzi, Buffalo Trace ku Frankfort, Kentucky. Kale onse ankachokera ku fakitale ya Stitzel-Weller kufupi ndi Louisville, inatsegulidwa 1935 nkutsekedwa 1992. Ndiye anthu atasowa Pappy anathamangira mng'ono wakeyu, basi mashelufu mbee. Ndi chifukwa chake munthu wanuyo akutchula mtengo wopinda kawiri wa m'shopu. Mbali ina mukugula mowa, mbali ina mukugula dzina la mkulu wake.

Ndiye kuti mudziwe ngati mtengowo ukuyenera, chitani izi, mumulawe pamodzi ndi mnzake musakudziwa kuti uyu ndi uti. Pitani pa bala yomwe ali naye mugule shoti imodzi, kapena munthuyo ngati ali ndi lina lotsegula akugawireni mu kabotolo, bola kabotolo, mukalawire kunyumba. Kenako m'shopu iliyonse tengani Maker's Mark, wa phula lofiira pakamwa uja, kabotolo kakang'ono kakwana. Nayenso ndi wa tirigu, wa ku Loretto, Kentucky komweko, ndipo samasowa. Mwamva? Awiri. Weller ndi Maker's Mark.

Magalasi awiri ofanana, opapatiza kukamwa, amawatcha Glencairn, mukasowa a wayini akwana. Koma othira si inu. Ndibwereze, othira si inu. Muwapemphe achemwali angawo athire inu muli panja, amate katepi pansi pa galasi alembepo, inu musaone. Chifukwa diso likangoona leba lilime limayamba kunama, ine ndinaziona.

Aa, ndisanaiwale, musadye tsabola. Apa ndiye mvetsani alamu, ine mpamene ndinagwera. Chaka chija ndinagula wa zaka 12 uja, mtengo sindinena mungakawauze akwathu, ndinabwera naye kunyumba ngati ndanyamula khanda. Madzulo mayi aphika nsima ya nkhuku, ine kambuzi wanga uja ndinachokera naye kumudzi, ndathira osaumira ayi. Ndangosamba m'manja, ndatsegula botolo. Ndiye m'malo moyamba pang'onopang'ono ndinalowetsa mphuno yonse mu galasi nkukoka mpweya ngati ndikufukiza chimfine. Amayo! Misozi mbwee, mphuno yafa, ndikumwa sindikumva kanthu, ndikungomva moto basi, kukhala ngati mutu wa kachasu. Ndinakhala pa mpando ndikudandaula kuti andibera. Mawa lake mkamwa muli bwino ndalawanso, ndi mowa wina ndithu, wofatsa. Vuto silinali botolo, linali ine ndi kambuzi wanga. Ndipo ameneyo anali wa 45 chabe, wanuyo wa 53.5 mukamuchita zimenezo akuvulazani mphuno usiku wonse.

Ndiye kununkhiza kwake nkotere. Mukathira, musiyeni kaye, mphindi khumi, ukali wapamwamba uuluke. Galasi muliyike cha pa chibwano, pansi pa mphuno, osati mkati, pansi. Pakamwa pakhale potsegula pang'ono, mukoke mpweya pang'ono ngati mukununkhiza ndiwo kuti mudziwe ngati zasasa. Ayi, sindikuti mupume ndi pakamwa, mphuno yomweyo, kungoti milomo isatsekeke. Eya, choncho. Mukamva kuyabwa chotsani, nunkhizani mkono wa malaya anu, mubwererenso. Zomwe mukufuna ndi fungo la shuga wopsereza, vanila, sinamoni, ena amamva ngati matcheri. Musadzikakamize kumva zomwe a pa YouTube akunena, inu ngati zikukukumbutsani zitumbuwa kapena nzimbe nenani zomwezo.

Kumwa koyamba musakuwerengere. Kadontho chabe, kayende mkamwa monse, mumeze, kameneko nkodzutsa lilime. Kachiwiri ndiye mumvetsere zinthu zitatu, ayi ziwiri zikwana, kulemera kwake mkamwa, ngati ali pyapyalu ngati madzi kapena akumata ngati muli mafuta, ndiye mukameza kukoma kukutsala nthawi yaitali bwanji. Werengani mumtima. Wabwino amatsala, kutentha kumatsikira pachifuwa osati kukanda pakhosi. Madzi pakati, kenako galasi linalo.

Mwina mukuti nanga si chinyengo, Weller 53.5 Maker's Mark 45, wamphamvuyo adziwika. Zoona, adziwika. Nchifukwa chake ulendo wachiwiri mudonthezere madzi mwa woluma uja, madontho, osati kuthira, kasupuni ka tiyi nkochuluka kale, theka lake. Ukali ukatsika ndiye muone ngati chatsalacho chikuposabe mnzakeyo. Ayisi ayi lero. Ayisi amatseka fungo.

Mukudziwa mkulu uja wa ku South Bend, sindimutchula, wa galimoto yoyera uja. Ndinamuuza zonsezi mawu amodzimodzi. Iye akuti aa inu mumachulutsa zonena, mowa ndi mowa. Pa phwando la 6 July wabwera ndi Weller wake, wamuimika pa tebulo leba kuyang'ana anthu, kenako wathira mu kapu ya pulasitiki, ayisi tho, Coke pamwamba. Ine ndinangoyang'ana kumbali. Sikuti ndi tchimo, ndalama ndi zake, koma za mu Coke ukanagula wa pa shelufu ya pansi osasiyanitsa olo pang'ono. Ndiye wina, mwana wa ku ntchito kwathu, anakagula kwa munthu wa pa Facebook, kukumana pa malo oimika magalimoto usiku, atafika kunyumba chomata cha pakamwa chikuoneka kuti chinatsegulidwapo. Mabotolo opanda kanthu a mowa wotchukawu anthu amagulitsana pa intaneti, mukuganiza amagulira maluwa? Amathiramo wotchipa nkumatanso. Ndiye lanulo muliyang'anitsitse pakhosi, chomata chisakhale chokwinyika kapena chomasuka, mulingo wa mowa ufike pomwe anzake amafika. Ndipo kugulitsana mowa opanda laisensi kuno nkoletsedwa, zimenezo muzidziwiretu, zikavuta mulibe kokadandaula.

Ndinali pati... eya, mtengo. Botolo la 750 ml limatulutsa mashoti pafupifupi 17, a kuno a 44 ml aja. Tengani mtengo akutchulawo mugawe ndi 17, muchitenso chimodzimodzi ndi Maker's Mark. Ndiye achemwali asanakuuzeni kuti galasi liti ndi liti, musankhe kaye lomwe mwakonda, ndipo munene mokweza kuti shoti iyi ndingalipire zakuti. Mokweza, iwo amve, musadzasinthe mawu. Kenako mutembenuze galasi muone katepi.

Ine maganizo anga, Antique 107 pa mtengo wa m'shopu ndimatenga osaganiza kawiri, ndi mowa wabwino zedi, kwa ine amaposa ndi wa zaka 12 yemwe, ali ndi thupi. Kuonjezera pang'ono chifukwa chosowa, chabwino. Koma kupinda kawiri ayi, ine ndinasiya. Tsiku lomwe mayi anandithirira mobisa ndinaloza galasi ndi chidaliro chonse kuti uyu ndiye wodula uja, kutembenuza, Maker's Mark. Mpaka lero akafuna kundiseka amangoti bambo, katepi.

O, galasi likatha musatsuke msanga, mulisiye theka la ola mununkhizenso, fungo la mtengo ndi shuga limatsalira mmenemo, mwina mpamene mungamve kusiyana kwenikweni. Ndipo makiyi a galimoto muwapatse achemwali. Nditumizireni chithunzi china cha pakhosi pa botolopo, chapafupi, chija chinali chamdima.