Usanasankhe otchinga kumbuyo Loweruka, tamvera izi

Mphwanga, wadzuka bwanji kumeneko? Kuno ndangoweruka kumene, ndili m'galimoto panja pa ntchito, kunja kukungoyamba kuyera. Ndati ndikuyankhiretu ndisanalize injini, chifukwa ndikafika kunyumba ndi tulo basi. Amayi uwauze kuti ndiwaimbira Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, za mankhwala awo zija ndakambirana kale ndi achemwali. Tsopano za ligi yathuyi ya fantasy ya NFL, mpira wa ku America. Uthengawu utalikirapo, upeze pokhala.

Wafunsa chifukwa chimene ndinakuletsera kuthamangira mayina otchuka pa malo awiri a DB aja, a otchinga kumbuyo. Ndiyambire pa zimene ukuzidziwa kale. Ukukumbuka mmene unkamukakamirira Trent Alexander-Arnold pa fantasy ya Premier League ali ku Liverpool? Sunkamutenga chifukwa chotchinga bwino kuposa anzake ayi. Unkamutenga chifukwa ndi wakumbuyo koma amamenyanso makona ndi mafirikiki, ndiye mapointi amalowera makomo awiri. Mu mpira wa ku America munthu wotere aliponso. Ndi cornerback kapena safety, mitundu iwiri ya otchinga kumbuyo, amene timu yake ikamatchinga amakhala m'bwalo kugwetsa anthu, koma adani akamenya mpira kuwapatsira, ndi iye yemweyo amene amaima kumbuyo kuuwakha n'kuthamanga nawo. Ameneyo ndiye tikumusaka.

Kumenyako kuli pawiri, usasokoneze. Kickoff imachitika poyamba masewero, poyamba chigawo chachiwiri, komanso timu ikangogoletsa. Punt ndi pamene timu yalephera kupeza mayadi 10 m'maulendo atatu, ndiye ulendo wachinayi imangoutaya mpirawo kutali ndi mwendo kuti adani akayambire patali. Pa kickoff wobweza amakhala ndi mpata, kawirikawiri amapeza mayadi 20 ndi kanthu. Pa punt mpira umakwera m'mwamba kwambiri, ukamatsika adani amakhala afika kale pamphuno, ndiye akapeza mayadi 10 wachita bwino. Nthawi zambiri amangokweza dzanja kupempha fair catch, kuti awakhe osagundidwa, ndipo pamenepo iwe supeza kanthu. Yadi imodzi ndi yocheperako pang'ono pa mita, kuti uzikhala ndi chithunzi.

Usanayang'ane dzina la munthu aliyense, tsegula malamulo a ligi pa app. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Mayadi obweza amatha kuwerengedwa malo awiri, kwa timu yonse kapena kwa wosewera payekha, ndipo maligi ambiri sawerengera wosewera n'komwe, amangomupatsa 6 akagoletsa. Mu ligi yotero zonse ndikunenazi n'zopanda ntchito. Yathuyi, mnzanga wa kuntchito amene amaiyendetsa anaika pointi imodzi pa mayadi 25 aliwonse, kickoff ndi punt chimodzimodzi, touchdown (kugoletsa) 6, kugwetsa munthu wekha pointi imodzi, kugwetsa mothandizana theka. Ukafuna kutsimikiza, usadalire mawu anga. Fufuza Keisean Nixon pa app yomweyo, tsegula mapointi ake a masewero amodzi a 2024, uone ngati mayadi obweza akuonekera pamndandanda. Akaoneka, ndiye kuti khomo lachiwiri lija ndi lotsegula.

Nixon ameneyu ndiye chitsanzo chimene ndikufuna uchigwire bwino. Ndi cornerback wa Green Bay Packers. Mu 2022 anabweza ma kickoff mayadi 1,009, kuposa wina aliyense mu NFL, chonsecho ntchitoyo anaipatsidwa sizoni ili kale pakati. Pa 1 January 2023 anawakha mpira mkati mwa golo yawo n'kuthamanga mayadi 105 mpaka kukagoletsa Minnesota Vikings. Tawerenga ndi malamulo athu: 1,009 kugawa ndi 25 ndi mapointi 40, kuphatikiza 6 wa touchdown ija, 46. Ukawagawa m'masewero 17 sakufika atatu pa sabata. Ukhoza kunena kuti n'zochepa, koma pa malo a DB anthu amasiyana pang'ono kwambiri. Wachisanu ndi wa nambala 25 nthawi zina amasiyana ndi pointi imodzi kapena ziwiri pa sabata. Ndiye atatu aulere amamunyamula munthu wamba kumuika pamwamba.

Koma chaka chimene Nixon anali golide weniweni si 2022 ayi, ndi 2023. Mayadi anatsika kufika 782, komabe chaka chimenecho ankasewera nthawi zonse ngati nickel, cornerback wachitatu uja amene amaima mkati pafupi ndi ma linebacker, otchinga a pakati. Munthu woima pamenepo mpira umamudutsa pafupipafupi, othamanga nawo amabwera mbali yake, ndiye anagwetsa anthu pafupifupi ka 80. Ukuona kusiyana kwake? Kugwetsa anthu ndiye nsima, kubweza mpira ndi banyira. Munthu sapita kumsika kukagula banyira yekha.

Ndikunena chonchi chifukwa zinandionekera. Mu 2023 momwemo ndinatenga mnyamata wina wolembedwa cornerback, liwiro ngati mphezi, koma pa kutchinga sankalowa n'komwe, ntchito yake inali kubweza basi. Sabata imene ndinkamufunitsitsa, omenya a timu inayo anangoponya mipira yonse kunja kwa golo. Ndinakhala pampando maola atatu ndikumuona akuyang'ana mpira ukumudutsa pamutu, iye n'kutambasula manja kuti asiyeni upite. Anathera pa ziro, ine n'kugonja ndi mapointi awiri. Zinandiwawa sabata yonse, ndipo sindikufuna zikuchitikire chaka chako choyamba.

Zimenezo zinali ndi chifukwa chake. Mu 2023 ma kickoff obwezedwa anali pafupifupi 22 pa 100 aliwonse, chiwerengero chotsikitsitsa m'mbiri ya NFL. Ndiye mu 2024 anasintha malamulo. Womenya amamenyera pa mzere wake wa 35 monga kale, koma anzake 10 amakandanda pa mzere wa 40 wa adani, ndipo saloledwa kusuntha mpaka mpira utagwa pansi kapena utakhudzidwa ndi wobweza. Pakati pa mzere wa golo ndi mzere wa 20 anapatcha malo oterapo mpira, ukagwera pamenepo uyenera kubwezedwa basi. Obwezedwa anakwera kufika pafupifupi 33 pa 100, komabe matimu ambiri anapitiriza kuponya kunja chifukwa chilango chake chinali chopepuka, adani amayambira pa 30. Mu 2025 chilango chimenechi, chotchedwa touchback, anachikankhira pa 35. Kochi wanzeru sangamapereke mayadi 35 aulere ulendo uliwonse, ndiye ine ndikuona kuti mipira yambiri izigwera m'manja mwa obweza. Ndi chifukwa chake nkhaniyi ndaitenga mwamphamvu chaka chino kuposa zaka zonse. Kungoti uchenjere, malamulo atsopanowa amalola obweza awiri kumbuyo, ndiye womenya amatha kumuzemba woopsayo n'kumaponyera mnzake. Komanso matimu ambiri ayamba kuikapo ma running back, othamanga ndi mpira aja, chifukwa kubwezako kwayamba kufanana ndi kuboola mzere wa anthu. Ma DB ogwira ntchitoyi ndi ochepa, n'chifukwa chake wopezekayo ndi wa mtengo wapatali.

Dzina lachiwiri ndi Marcus Jones wa New England Patriots. Ameneyu ndimamukonda, ndisakubisire. Pa 20 November 2022 ndinali pa ntchito, m'chipinda chopumira, wailesi ya kanema ili pakhoma mawu atatsitsa. Patriots ndi New York Jets anali 3 kwa 3, masewero otopetsa, anthu akungodya osayang'anako. Kutatsala masekondi ochepa Jets anamenya punt, kamnyamata kafupi kameneka n'kuwakha, kukhotera kumanja, kudutsa m'mphepete mwa mzere, mayadi 84 mpaka m'golo. Mayi wina amene amagwira nafe anataya supuni n'kuimirira. Anapambana 10 kwa 3. Sizoni yomweyo anagoletsanso atawakha mpira ngati wakutsogolo pokumana ndi Buffalo Bills, n'kugoletsanso atalanda mpira wa Cincinnati Bengals. Njira zitatu, chaka chake choyamba. Koma mu 2023 anavulala phewa sabata yachiwiri, sizoni yonse n'kuthera panja. Munthu wogwira ntchito ziwiri amagundidwanso kawiri, ndiye ukamutenga ukhale ndi wina wodalirika pa benchi. Ndipo popeza mphamvu zake zili pa punt, usayembekezere mayadi ochuluka sabata ndi sabata. Ma punt atatu a mayadi 10 ndi pointi imodzi yokha kwa ife.

Touchdown usaiwerengere ngati malipiro a pamwezi. Patrick Peterson mu 2011, ali watsopano ku Arizona Cardinals, anagoletsa kanayi pobweza punt, imodzi ya mayadi 99 yomaliza masewero ndi Rams. Chitachoka chaka chimenecho sanagoletsenso pa punt mpaka kupuma mpira. Ndipo apa pali chinthu china chimene uyenera kuchimvetsa. Munthu akakhala cornerback wodalirika kwambiri, makochi amayamba kumuumira, safuna akathyoke mwendo pobweza mpira. Pofika 2014 ma punt a Cardinals ankabweza ndi Ted Ginn. Nixon naye, sizoni ya 2024 itangotha, ananena poyera kuti akufuna kukhala cornerback woyamba wa timu, zobweza ma kickoff sakuzifunanso. Ndiye usamutenge ndi maso a 2023. Umuone kaye ngati akuimabe kumbuyo kuja. Cooper DeJean wa Philadelphia Eagles ndi chimodzimodzi. Mu 2024 anabwezako ma punt pamene Britain Covey anavulala, koma atalanda mpira wa Patrick Mahomes n'kukagoletsa mu Super Bowl, fainolo ya NFL, pa 9 February 2025, aliyense akumudziwa, apita msanga pa draft, posankhana osewera, ndipo ine sindingadalire kuti azibwezabe. Ngati ukumutenga, umutengere kugwetsa anthu.

Cornerback wotchuka kwambiri nthawi zambiri sapatsa mapointi. Quarterback, woponya mpira wa adani, amamuopa, saponyera mbali yake, ndiye alibe womugwetsa. Ife timafuna amene amayesedwa pafupipafupi.

Msampha wina ndi chilembo chimene app yamupatsa munthu. Devin Hester, amene anthu kuno amamutenga ngati wobweza woposa onse, analowa Chicago Bears mu 2006 atalembedwa cornerback. Ndi uja anatsegula Super Bowl ndi touchdown ya mayadi 92 pokumana ndi Indianapolis Colts, ngakhale Colts anapambanabe 29 kwa 17, anthu a kuno ku Indiana amaikambabe. Chaka chotsatira anamusamutsira ku wide receiver, owakha mpira akutsogolo. Jamal Agnew nayenso anayamba ngati cornerback ku Detroit Lions mu 2017, pofika 2020 anali receiver. Zikatero sungamuikenso pa DB. Ndiye uziona chilembo chimene chili pambali pa dzina mu app yathu, osati chimene wawerenga kwina.

Kasakidwe kake n'kosavuta, kumangofuna kudekha ndi bandulo yokwanira. Lowa pa Ourlads, ali ndi mndandanda wa timu iliyonse mwa matimu 32. Tsikira pansi pamene alemba KR ndi PR, obweza kickoff ndi obweza punt. Ambiri uwapeza ndi ma receiver ndi ma running back, amenewo adumphe. Ukapeza wolembedwa CB kapena S, cornerback kapena safety, lemba dzina m'kope. Kenako kwera pamwamba pa tsamba lomwelo, uone ngati dzina lomwelo lili pa oyamba a kutchinga kapena pa nickel. Likapezeka malo onse awiri, jambula mzere kunsi kwake. Ukatero pita pa Pro Football Reference ukaone ma snap count ake a chaka chatha, kutanthauza kuti pa maulendo onse amene timu yake inkatchinga iye anali m'bwalo kangati. Ine ndimafuna wofika 70 pa 100. Wosafika theka ndimamusiya, kaya athamange bwanji. Masewero okonzekera a mu August asakupusitse, makochi amayesa ana ambiri amene sadzakhalapo n'komwe timu ikadulidwa kufika anthu 53. Chokuuza zoona ndi sabata yoyamba: amene waima kumbuyo pa punt yoyamba ndi kickoff yoyamba ndiye mwini ntchito.

Pa draft Loweruka usawononge masankho oyambirira pa anthu amenewa. Yamba ndi ma running back ndi ma receiver, pa otchinga yamba ndi ma linebacker chifukwa ndi amene amagwetsa kwambiri. Ma DB uwatenge kumapeto. Malo amodzi ika safety wogwetsa anthu sabata iliyonse, malo enawo ndi a wobwezayu. Akakulanda, usataye mtima, anthu amenewa amatulukira sizoni ili mkati, ngati mmene Nixon anatulukira. Ma waiver athu, njira yopemphera wosewera amene palibe wamutenga, amayenda Lachitatu m'mawa nthawi ya kuno, ndiye pempho lako uziika Lachiwiri usanagone.

Nthawi uisamale. Masewero ambiri a Lamulungu amayamba 1 koloko masana kuno, kwanuko ndi 7 koloko madzulo, ndipo ikalowa November tikabweza mawotchi izikhala 8 koloko. Mayina a osasewera amatuluka kutatsala ola ndi theka, ndiye cha m'ma hafu pasiti 5 uzikhala foni ili ndi moto, magetsi angakuchite chipongwe. Ukaona kuti wobweza wa timu ina wavulala, funsa msanga kuti alowe m'malo ndani. Akakhala nickel wawo, mutenge pompo.

Lemba mayina asanu, undijambulire kopelo pofika Lachisanu usiku, tiwaonere limodzi. Ndalama ya bandulo ndikutumizira masana ano. Alamu ako akupereka moni. Ndanyamuka.