Anthu a ku Melita anayamba ndi kusonkha moto

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. M'mawa uno tiwerenge Machitidwe a Atumwi 27:33 mpaka 28:10.

Dzulo madzulo mphwanga anandikumbutsa za Lost, sewero la pa kanema la ku America lomwe linayamba kuonetsedwa pa ABC mu September 2004 n'kudzatha mu May 2010. Ife tinkalionera pa ma DVD obwerekana. Ndege yochoka ku Sydney kupita ku Los Angeles yagwa pa chilumba chosadziwika, ndipo opulumuka akusowa madzi akumwa, chakudya, pogona ndi mankhwala a mabala awo. Koma chomwe chinagwira mitima ya oonera si ludzu la anthu ajawo. Anali mafunso. Chimbalangondo choyera cha kumayiko ozizira chikufunanji pa chilumba chotentha? Nanga utsi wakuda uja wozula mitengo n'chiyani? Nanga manambala aja, 4, 8, 15, 16, 23 ndi 42, akutanthauzanji? Mpaka sewerolo kutha, anthu m'mayiko ambiri ankangokhalira kulosera, aliyense ndi yankho lake. Ganizo lomwe linafala kwambiri linali lakuti anthu onse aja anafa pomwe ndege inagwa, ndipo chilumbacho ndi purigatoriyo komwe akulipira machimo awo. Damon Lindelof ndi Carlton Cuse, omwe ankatsogolera kulemba sewerolo, anakana, koma oonera ambiri anaumirirabe.

Inenso ndinkaumirira nawo. Popeza sewerolo linkatibwezera m'mbuyo kukaona moyo wakale wa munthu aliyense, wina anapha munthu, wina anali kathyali wobera anthu ndalama, wina kapolo wa mankhwala ozunguza bongo, ine ndinkauza mphwanga kuti palibe wafika pa chilumbacho mwangozi, aliyense akukolola zomwe anafesa. Pa sewero palibe amene ndinamulakwira. Aja anali akatswiri a zisudzo, ankajambulidwa pa chilumba cha Oahu ku Hawaii, ntchito ikatha n'kupita kukagona pabwino. Chomwe chandisowetsa tulo usiku wathawu n'chakuti khalidwe lomwelo ndimalichita pa anthu enieni, omwe misozi yawo ndi yeniyeni.

M'Baibulo mulinso anthu opulumukira pa chilumba, ndipo Luka, yemwe analemba nkhaniyi, anali m'ngalawa momwemo. Munali anthu 276, amalinyero, asilikali, apaulendo ndi akaidi, mmodzi mwa akaidiwo ndiye Paulo wopita kukaweruzidwa ku Roma. Namondwe anawagwira atangochoka pa doko la ku Krete. Anataya katundu m'nyanja, anatayanso zipangizo za ngalawa, ndipo kwa masiku ambiri sanaone dzuwa kapena nyenyezi, zomwe zinali chiongolero cha amalinyero a nthawi imeneyo. Pofika usiku wa 14 anthu anali atasiya ngakhale kudya. Paulo anatenga mkate, anayamika Mulungu onse akuona, anaunyema n'kuyamba kudya, enawo n'kulimba mtima kudya nawo. Kutacha ngalawa inatitimira mumchenga, kumbuyo kwake n'kuyamba kusweka ndi mafunde. Asilikali anafuna kupha akaidi kuti asathawe, koma Yuliyo, mkulu wawo, anawaletsa pofuna kupulumutsa Paulo. Odziwa kusambira anadumpha, otsalawo anagwira matabwa ndi zidutswa za ngalawa, onse 276 anafika kumtunda amoyo.

Chilumbacho chinali Melita, chomwe lero timachitcha Malta, kumwera kwa Sicily. Mpaka pano anthu a kumeneko amakumbukira kusweka kwa ngalawayi pa 10 February chaka chilichonse.

Tsono taonani zomwe eni chilumba anachita. Kunja kukugwa mvula, kukuzizira, pagombe padzaza alendo onyowa, onjenjemera, olankhula zinenero zachilendo. Eni mudzi sanayambe ndi kufunsa kuti inu ndani, mwachokera kuti, mwalakwira mulungu uti kuti nyanja ikulavuleni chonchi. Anasonkha moto. Luka akuti anawachitira chifundo chosaoneka kawirikawiri, ndipo anawalandira onse. Taganizani kukula kwa moto wothera anthu 276, ndi mitolo ya nkhuni yomwe inachoka m'makomo mwa anthu tsiku limenelo, nyengo ya mvula pomwe nkhuni youma ndi chuma. Pamoto umenewo msilikali ndi mkaidi ankaotha limodzi.

Paulo naye sanakhale manja lende. Anatola chisakata cha nkhuni, ndipo poziika pamoto, njoka inatuluka chifukwa cha kutentha n'kumuluma padzanja, osachokapo. Apa ndi pomwe mtima wanga waima m'mawa uno. Anthu omwe aja osonkha moto anayamba kunong'onezana kuti munthu uyu ndi wambanda ndithu, wapulumuka m'nyanja koma chilungamo sichikumulola kukhala ndi moyo. Anapeza tanthauzo la tsoka lake. Ndipo atangolipeza, manja awo anasiya ntchito. Luka satchula aliyense wothamangira mankhwala, kapena womanga dzanja lija. Akuti anangodikira kuti atupe kapena agwe n'kufa mwadzidzidzi, ndipo anadikira nthawi yaitali. Posachedwa pomwepa anali othandiza, tsopano asanduka oonerera, akudikira kuona ngati zomwe alosera zichitikedi.

Ataona kuti palibe chamuchitikira, anatembenuka n'kunena kuti ndi mulungu. Apanso anaphonya. Paulo sanali wambanda wothawa chilango cha nyanja, sanalinso mulungu. Anali mtumiki wa Khristu wotopa, wonyowa, yemwe analonjezedwa kuti adzaima pamaso pa Kaisara.

Abale anga, mawu a anthu a ku Melita aja timawadziwa bwino. Timawamva pamaliro, kuseri kwa nyumba komwe kukuphikidwa nsima ya anamfedwa. Timawamva golosale ya munthu ikapsa, banja likatha, mwana akadwala matenda osamva mankhwala. Pali china chake pamenepa. Anakhwimira bizinesi ameneyu, tsopano zamutembenukira. Ndi zakumtundu kwawo. Ena timawaveka chovala cha uzimu n'kumati Mulungu akumuphunzitsa kanthu. Ndipo tikangomaliza kufotokoza chonchi, phazi limalemera kupita kukamuona, chifukwa mumtima tagamula kale kuti mlandu wake ukuyenda bwino, ife n'kulowererapo chiyani.

Ophunzira a Yesu anachitanso chimodzimodzi pa Yohane 9, ataona munthu wobadwa wosaona. Anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake. Yesu anati si iye kapena makolo ake, kenako analavulira pansi, anakanda thope n'kumupaka m'maso. Munthu yemwe ophunzira anamusandutsa mutu wa zokambirana anabwerako ku thamanda la Siloamu akuona.

Ndikulemba izi ndili ndi mlandu. Pali mayi ena kufupi ndi kwathu omwe malonda awo ankayenda bwino kwambiri. Mwezi wathawu katundu wawo anabedwa yense, sabata yomweyo mwana wawo wamkulu anagonekedwa m'chipatala. Anthu anayamba kulankhula, ndipo ine ndinakhala nawo pabwalo n'kuthirirapo ndemanga, kuti kulemera kwachangu kuja kunali kokayikitsa. Ndilibe umboni ngakhale umodzi. Ndinangolumikiza zidutswa monga ndinkachitira ndi manambala a mu sewero lija, ndipo ndinamva kukoma kuti ndazitulukira. Masabata atatu apita, sindinapondeko pakhomo pawo, chonsecho ndi mayi omwe ankandipatsa moni tsiku lililonse, ananditumizirapo ndiwo ine nditadwala. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma ine ndinakhala ngati tsoka limasankha anthu oipa okhaokha.

Ngati m'mawa uno inu ndinu amene muli ndi njoka padzanja, anthu akukuzungulirani ndi maso kudikira kuti mugwe, onani Paulo. M'ndime zimenezi sitimumva akudziteteza kwa omutcha wambanda. Anakutumulira njoka ija pamoto. Pomwe tikumuonanso ali m'nyumba ya Popliyo, mkulu wa chilumbacho, yemwe anawachereza masiku atatu. Bambo ake a Popliyo anali gone ndi malungo ndi kamwazi. Paulo analowa, anapemphera, anawasanjika manja, ndipo anachira. Odwala ena a pa chilumbapo atamva anabwera nawonso n'kuchiritsidwa, ndipo sindikayika kuti pakati pawo panali abale a anthu omwe aja ankanong'ona pamoto. Paulo sanawasunge kukhosi. Mulungu akupatseni mtima umenewo, chifukwa pa mphamvu zathu zokha n'zovuta kupempherera nyumba yomwe inakuyimbani mlandu musanalakwe.

Anakhala pa Melita miyezi itatu kudikira kuti nyengo yozizira ithe. Pochoka, eni chilumba anawalemekeza kwambiri ndipo anawaikira m'ngalawa zonse zofunika paulendo. Anabwerera ku ntchito yawo yoyamba ija, yomwe ankaidziwa bwino kuposa kulosera.

Ine ndikaweruka ku ntchito lero ndidzera pamsika, ndigule ufa, shuga ndi thumba la makala, ndipite kwa mayi aja. Mundipempherere kuti ndikafika ndikapepese, ndikafunse dzina la wodi yomwe mwana wagonekedwa, ndipo ndisakafunse china chilichonse chofuna kudyetsa chidwi changa. Tsiku labwino kwa nonse, Ambuye akusungeni.