Kwa a komiti yokonza mwambo wopereka mphoto

Moni nonse a m'komiti, abambo ndi amayi. Ndati ndijambule mawu m'malo molemba, chifukwa zokamba zachuluka ndipo zina zimamveka bwino pakamwa. Ntchito mwapatsidwayi ndi yokonza mwambo wolemekeza magulu atatu osiyana a anthu: ogwira ntchito, ophunzira, ndi anzathu aja amagwira ntchito mongodzipereka osalandira malipiro. Ngati pali pepala pafupi, tengani muzilemba.

Chinthu chimodzi chikhazikike m'mitima mwanu tisanapite patali. Mwini mwambo umenewu ndi munthu amene akukalandira mphotoyo. Mlendo wolemekezeka wabwera kudzamutumikira iyeyo, abwana nawonso chimodzimodzi, ifenso a komiti chimodzimodzi. Mukasemphana maganizo pa china chilichonse, kaya ndi tsiku, kaya ndi kakhalidwe ka mipando, dzifunseni kuti wolandirayo zimukomera ziti, basi mutsate zimenezo.

Tiyambe ndi kusankha, pakuti mwambo umawonongekera pamenepa tsiku lake lisanafike n'komwe. Lembani mfundo zosankhira musanatchule dzina la munthu aliyense. Mukayamba ndi maina, mfundozo zimayamba kupindikira kwa munthu amene mumamukonda, inu osazindikira. Osankha akhale atatu kapena asanu kuti voti isafanane, ndipo amene ali ndi m'bale wake kapena mnzake wa ponda apa nane mpondepo pa mndandanda atuluke kaye dzinalo likamakambidwa. Zimene mwakambirana m'chipindamo zitsale momwemo. Anthu a mphoto ya Nobel, imene inayamba kuperekedwa mu 1901, amasunga chinsinsi cha maina a anthu amene anaganiziridwa kwa zaka 50, komanso anagwirizana kale kuti mphoto imodzi sangagawane anthu oposa atatu. Ife mwambo wathu ndi waung'ono, koma phunziro lake ndi lomwelo: malamulo amayamba, maina pambuyo.

Mphoto ya kukhalitsa pantchito imaoneka yosavuta, kuwerenga zaka basi, 5, 10, 20, 25. Koma pitani mukatsegule mafaelo enieni ku ofesi yosunga mbiri ya ogwira ntchito, musadalire zapamtima. Pali anthu amene anayamba ngati aganyu zaka zitatu asanalembedwe ntchito yokhazikika. Gwirizanani lero ngati zaka zimenezo zikuwerengedwa kapena ayi, ndipo chimene mwagwirizanacho chigwire aliyense mofanana. Muonenso mndandanda wanu ukatha: kodi mlonda alimo? Wosesa, dalaivala, amene amagwira usiku ife tili m'tulo? Anthu amenewa saonekera pamaso pa akuluakulu, ndiye ngati simuwafunafuna dala, chaka ndi chaka mphoto zizingozungulira kwa okhala pafupi ndi ofesi ya abwana.

Kwa ophunzira, amene wakhoza kuposa onse alandire, n'zoyenera. Koma musathere pomwepo. Mwana amene anali kumapeto kwenikweni n'kukwera kufika pakati wagwira ntchito yaikulu, nthawi zina yoposa ya amene amakhala nambala wani chiyambire. Ikani mphoto ya amene wasintha kwambiri, ya amene sanajombe, ya amene amathandiza anzake. Aphunzitsi a kalasi ndi amene akudziwa zimenezi, afunseni.

Odzipereka ndiye ovuta, chifukwa kawirikawiri palibe kaundula wa maola awo. Pamenepa funsani anthu amene amatumikiridwa ndi amene amawayang'anira, ndipo kuyambira chaka chino yambani kulemba, kuti komiti yobwera isadzavutike.

Za tsiku sinditalikitsa. Pali masiku odziwika pa dziko lonse amene mungatsamirepo: 5 Disembala ndi tsiku la ogwira ntchito mongodzipereka, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1985, 5 Okutobala ndi la aphunzitsi, 12 Meyi ndi la anamwino, tsiku limene anabadwa namwino wotchuka Florence Nightingale, 1 Meyi la ogwira ntchito. Koma tsiku labwino koposa ndi limene olandirawo ndi abale awo angathe kubwera. Pewani sabata ya mayeso, ndipo ngati ena ali pa shifiti, konzani owalowa m'malo nthawi ikadalipo.

Tsopano dzina. Apa ndiye ndichedwepo, mundipirire. Munthu wagwira ntchito zaka 20, mwamuitana pamaso pa ana ake, ndiye satifiketi yalembedwa dzina lolakwika chilembo chimodzi. Adzamwetulira, adzalandira, koma pepala limenelo sakalipachika pakhoma. Ndiye chitani chonchi. Mmodzi wa inu amuimbire foni aliyense wolandira, amufunse zinthu zitatu: dzina lanu limalembedwa bwanji, chilembo ndi chilembo, limatchulidwa bwanji, ndipo mukufuna tikuitaneni motani, Bambo, Mayi, Dokotala, kapena dzina lokha. Ena anasintha dzina atakwatiwa, ena anabwerera ku dzina lawo lakale, ena dzina la m'faelo si limene amadziwika nalo. Musaganizire, funsani. Mndandanda ukabwera kuchokera kosindikiza, anthu awiri akhale pansi, wina aziwerenga mokweza chilembo chilichonse, wina akuyang'ana pa satifiketi. Maso a munthu mmodzi amadumpha cholakwa chimene analemba yekha. Woyendetsa mwambo apatsidwe mndandanda wakewake, maina ovuta atalembedwa mmene amamvekera, ndipo awayeserere mokweza dzulo lake. Masatifiketi asainidwe tsiku lisanafike, ndipo musungeko angapo osalembedwa dzina, chifukwa china chake chimapezeka nthawi yothaitha.

Chachiwiri chochedwapo ndi mawu amene anenedwe munthuyo akamaitanidwa. Ambirife timangoti, "Awa ndi olimbikira ntchito, odzipereka komanso aulemu." Mawu amenewo mukhoza kunenera munthu wina aliyense m'holomo, ndiye kwa wolandirayo salowa mumtima. Nenani chimene anachita. Mwachitsanzo, kwa wosunga katundu munganene kuti, "Bambo awa anapeza kuti katundu amasowa chifukwa cha kalembedwe ka m'buku, anakonza bukulo, ndipo chichokereni nthawi imeneyo kuwerengera kumayenda bwino." Kwa wodzipereka, "Mayi awa Loweruka lililonse amakhala ndi ana amene kuwerenga kumawavuta, mpaka ana aja anayamba kubwereka okha mabuku." Mwamva kusiyana kwake? Munthu akamva zotere amadziwa kuti pali wina anaona. Ziganizo zitatu kapena zinayi zakwana, ndipo kuti muzipeze mufunse amene amagwira naye ntchito tsiku ndi tsiku.

Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi. Musaulule za moyo wa munthu popanda chilolezo chake. Kunena pagulu kuti mwana uyu ndi wamasiye, kwawo ndi kosauka, kapena mayi awa anadwala matenda akutiakuti, inu mungaone ngati mukukometsa nkhani, pamene mwiniwake mwamuvula pagulu. Muwerengereni mawuwo pafoni, avomereze yekha. Ndipo ine sindilimbikitsa zomudzidzimutsa munthu. Muuzeni kukadali milungu iwiri kapena itatu, akonzeke, aitane amene akufuna kuti adzaone. Alipo ena amanyazi kwambiri moti kuima kutsogolo ndi chilango kwa iwo. Amenewo afunseni ngati angakonde kulandirira pamene akhala.

Nthawi tiwerengere limodzi. Munthu mmodzi kuitanidwa, kuwerengeredwa mawu ake, kuyenda, kulandira ndi kujambulidwa, zimatenga pafupifupi mphindi imodzi ndi theka. Mukakhala ndi anthu 40, limenelo ndi ola lathunthu. Ndiye zolankhula zikhale zochepa: wolandira alendo mphindi zitatu, mlendo wolemekezeka zisapitirire khumi, mmodzi woyankhula m'malo mwa olandira onse mphindi zitatu. Mlendoyo muuzeni nthawi yake m'kalata yomuitana, mwaulemu, ndipo mumutumizire mbiri ya olandirawo kuti akayankhule za iwo. Mphoto musaziike kumapeto kwenikweni anthu atatopa ndipo ena atayamba kutuluka. Mwambo wonse usapitirire maola awiri, makamaka ngati muli ana aang'ono. Ndipo yambani pa nthawi yake. Mkulu wina akachedwa, konzekeranitu womugwirizira.

Pa tebulo la mphoto pamafunika anthu awiri odekha amene sachita china chilichonse. Satifiketi iliyonse ikhale ndi nambala kumbuyo yolemba ndi pensulo, nambala yomweyo ikhale pa mndandanda wa woyendetsa mwambo, yomweyonso pa mpando wa wolandira. Olandira akhale motsatana mmene aitanidwire, kufupi ndi kutsogolo. Mmodzi wa awiri aja aziona amene akubwera n'kutsimikiza dzina, winayo azipereka m'manja mwa mlendo. Wina akajomba, satifiketi yake ichotsedwe pamulu mwambo usanayambe, apo ayi onse otsatira alandira za eni ake. Musaganize kuti zoterezi zimagwera osadziwa okha. Mu 2017, pa mwambo wa mphoto za Oscar ku Los Angeles, olengeza anapatsidwa envelopu yolakwika n'kulengeza filimu imene sinapambane, mpaka anachita kukonza anthu ali kale pansanja. Choncho ngati muli ndi maenvelopu, lembani kunja kwake ndi zilembo zikuluzikulu kuti muli chiyani.

Nsanja nayo muione ndi maso a wolandira. Ngati pali wina woyenda pa njinga ya olumala, kapena wachikulire amene masitepe amamuvuta, ndipo palibe pokwerera posalala, onse alandirire pansi. Musamusiye mmodzi akulandirira m'munsi anzake onse atakwera. Ngati pali amene samva, pezani womasulira chinenero chamanja, aime poti aoneke. Zokuzira mawu ziyesedwe kukadali ola limodzi, mabatire ena akhale m'thumba, ndipo mudziwiretu chochita magetsi akazima. Mlendo wolemekezeka mumunong'oneze kuti asamathamangire, amuyang'ane munthuyo kumaso, anene mawu amodzi kapena awiri omuthokoza, aime pang'ono wojambula atole chithunzi. Wojambulayo aime mbali imene nkhope ya wolandira ikuonekera, chifukwa zithunzi zambiri za miyambo yotereyi zimatuluka mlendo akuoneka bwinobwino, mwini mphoto atafulatira. Ndipo chithunzi cha mwana chisapite pa Facebook kapena pena paliponse makolo ake asanalole.

Pali nkhani ina yofunika mtima. Ngati mmodzi mwa oyenera kulandira anatisiya m'kati mwa chaka, pitani kaye mukaonane ndi banja lake. Afunseni ngati akufuna kubwera, ndi ndani adzalandire, ndiponso zimene angakonde kuti zinenedwe. Ena amafuna, ena chilonda chimakhala chikadali chachiwisi, ndiye mphotoyo mukaipereke kunyumba mwakachetechete.

Amene sanapate kanthu musawaiwale. Mutu umodzi susenza denga, ndipo aliyense wolandira ali ndi anzake amene anamugwira mkono. Woyendetsa mwambo atchule gulu lonse limene munthuyo amagwira nalo ntchito, liimirire, liwomberedwe m'manja. Kwa ana, mphunzitsi wamkulu anene momveka bwino zimene mwana angachite kuti chaka chamawa adzaitanidwe, kuti otsalawo apite kwawo akudziwa kuti khomo silinatsekedwe.

Za odzipereka ndibwererekonso, chifukwa pali cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri. Popeza iwo ndi amene anazolowera kuthandiza, timapezeka tawapatsa ntchito pa mwambo wawo womwe: iwo ndiye akunyamula mipando, kulandira alendo, kusesa holo pomaliza. Chonde, tsiku limeneli akhale pansi atumikiridwe, ogwira ntchito olipidwa ndi akuluakulu ndi amene anyamule mipando. Ndalama yoyendera muwabwezere, asawononge zam'thumba mwawo pobwera kudzathokozedwa. Ndipo pambali pa satifiketi, muwalembere kalata ya umboni pa pepala la bungwe, yonena ntchito imene anagwira, kuyambira liti mpaka liti, yosainidwa ndi kudindidwa. Kwa wachinyamata amene akufunafuna ntchito kapena malo a sukulu, kalata imeneyo imamuthandiza kuposa chikho.

Mphatso ikakhala ya ndalama, ikhale itakonzeka tsiku lomwelo. Envelopu yopanda kanthu yongojambulitsira, n'kumati ndalama zibwera, imachotsa ulemu wonse umene mwapereka. Funsaninso a zowerengera ndalama ngati pali msonkho, kuti munthu asadzadabwe pa malipiro ake.

Mwambo ukatha ntchito yanu ikadalipo sabata imodzi. Amene sanabwere alandire zawo m'manja, mmodzi wa akuluakulu akawapatse yekha, zisakagone m'kabati. Aliyense atumiziridwe chithunzi chake. Satifiketi imene yapezeka ndi cholakwa isindikizidwenso msanga. Mulembe m'kaundula amene walandira, mphoto yanji, chaka chiti, pamodzi ndi mfundo zimene munasankhira.

Pa msonkhano wathu woyamba, alembi abwere ndi mndandanda wa ogwira ntchito onse ndi masiku amene anayambira, amene akuimira aphunzitsi abwere ndi zotsatira za materemu onse, woyang'anira odzipereka abwere ndi maina ndi manambala a foni. Asungichuma atiuze ndalama zimene zilipo zenizeni, kuti tidziwe chiwerengero cha mphoto tisanalonjeze munthu aliyense. Amene ali ndi funso ajambule mawu atumize, ndiyankha madzulo. Zikomo kwambiri.