Kalembedwe ka maumboni mu pepala la kafukufuku wa zachipatala

Moni nonse amene mukutionera, makamaka inu madokotala, anamwino ndi ophunzira za umoyo kuno ku Zomba amene mwamaliza kafukufuku wanu ndipo mukukonzekera kutumiza pepala ku magazini ya akatswiri. Lero tikambirana za gawo limene ambiri amalisiya mpaka usiku womaliza, ndilo la maumboni, omwe pantchito timangowatcha mareferensi. Cholinga cha umboni ndi chakuti wowerenga, kaya ali ku Blantyre kaya ku London, athe kupeza chimene inu munawerenga n'kudzionera yekha ngati chikunenadi zimene mwalembazo, ndipo malamulo onse amene titchule apa akutumikira cholinga chimenechi.

Magazini ambiri a zachipatala amatsata njira yotchedwa Vancouver. Dzinali linachokera ku mzinda wa Vancouver ku Canada, kumene akonzi ochepa a magazini otere anakumana mu 1978 n'kugwirizana kalembedwe kamodzi, ndipo gulu lawo ndi lomwe linakula kukhala International Committee of Medical Journal Editors, mwachidule ICMJE. Tsatanetsatane wa kalembedweka ali m'buku la Citing Medicine la National Library of Medicine ya ku America, lomwe limapezeka mwaulere pa intaneti.

Mu njira imeneyi, mkati mwa nkhani simulemba dzina la mlembi ndi chaka monga ambiri tinazolowera kusukulu, koma mumaika nambala. Umboni umene mwautchula koyamba umakhala 1, wotsatira 2, ndipo mukabwereranso ku woyamba uja patsamba lachisanu, nambala yake imakhalabe 1. Mndandanda wa kumapeto umatsata manambalawa, osati alifabeti. Vuto limadza pamene woyang'anira kafukufuku wanu wakuuzani kuti musunthe ndime ina ipite kumayambiriro, chifukwa manambala onse amasokonekera nthawi imodzi, ndipo wowerenga amene akufuna pepala lokhudza malungo amakafikira pa pepala la chifuwa chachikulu. N'chifukwa chake ine ndimalimbikitsa pulogalamu ya Zotero, yomwe ndi yaulere ndipo imakonza manambala yokha. Ena amagwiritsa ntchito Mendeley kapena EndNote. Umboni umene ukupezeka mu tebulo mokha umalandira nambala molingana ndi malo amene tebulolo latchulidwa koyamba m'nkhani.

Tsopano yang'anani pa sikirini, tione umboni umodzi pafupi. Tatenga pepala lodziwika la James Watson ndi Francis Crick lofotokoza kapangidwe ka DNA. Timayamba ndi dzina la makolo, kenaka zilembo zoyambirira za maina ena popanda madontho pakati, motero timalemba Watson JD, mpatuliro, Crick FH, mpumiro. Mutu wa pepala umabwera monga unasindikizidwira, kenaka dzina la magazini, lomwe apa ndi Nature, ndipo pomaliza pamabwera manambala awa: 1953;171(4356):737-8. Choyamba ndi chaka, 171 ndi voliyumu, 4356 ya m'mabulaketi ndi nambala ya kope, ndipo masamba ndi 737 mpaka 738, koma timalemba 8 yekha chifukwa manambala ofanana sitiwabwereza. Ngati pepala lili ndi DOI, yomwe ndi nambala yosasintha yozindikiritsa pepalalo pa intaneti, ilembeni kumapeto, pakuti imakafikitsa wowerenga pa pepalalo ngakhale tsamba la magazini litasintha adiresi.

Alembi akapitirira asanu ndi mmodzi, magazini ambiri amafuna maina 6 oyamba kenaka mawu akuti et al., kutanthauza kuti ndi ena, pamene otsata kalembedwe ka American Medical Association amafuna atatu okha. Dzina la magazini nalo lili ndi chidule chovomerezeka chimene simuyenera kuchipeka nokha. Malawi Medical Journal imalembedwa Malawi Med J, New England Journal of Medicine imalembedwa N Engl J Med, ndipo zidule zonse mungazipeze mu NLM Catalog, mndandanda wa pa intaneti wa National Library of Medicine ija.

Ife a kuno timadalira kwambiri malipoti a boma, ndipo apa ndi pamene ndimaona zolakwika zambiri. Titenge kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16. Mlembi wake si munthu koma mabungwe, National Statistical Office, yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, pamodzi ndi kampani ya ku America yotchedwa ICF. Malo osindikizira ndi Zomba ndi Rockville ya ku America, ndipo chaka chofunika kulemba ndi 2017, pamene lipoti lomaliza linatuluka, osati zaka zimene anthu ankayenda m'midzi kufunsa mafunso. Ngati lipoti mwaliwerenga pa intaneti, onjezerani adiresi yake ndi tsiku limene munalitsegula. Zimene mnzanu wa ku labotale anakuuzani pakamwa sizilowa mu mndandanda. Zimatchulidwa m'nkhani momwemo, ndi dzina lake ndi tsiku, mutalandira chilolezo chake cholembedwa. Pepala lomwe lavomerezedwa koma silinasindikizidwe limalembedwa kuti in press.

Zonsezi kompyuta ikhoza kukuthandizani, koma kuwerenga siingakuwerengereni. Musatenge umboni pa mndandanda wa munthu wina n'kuuika pa wanu musanautsegule, chifukwa ngati iyeyo analakwitsa chaka kapena anamva molakwika zotsatira, cholakwikacho chimasanduka chanu, ndipo pa nkhani za mankhwala chikhoza kukafika pa bedi la wodwala. Onaninso ngati pepalalo silinachotsedwe, kutanthauza kuti magazini yalengeza kuti lisadaliridwenso. Pepala la Andrew Wakefield ndi anzake, lomwe linagwirizanitsa katemera wa chikuku ndi matenda a autism, linatuluka mu magazini ya Lancet mu 1998 ndipo linachotsedwa mu 2010, koma likupezekabe pa intaneti, kotero wosasamala akhoza kulitchula ngati choonadi. PubMed, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo mapepala a zachipatala, imaika chizindikiro choonekera pa mapepala otere, Zotero nayo imachenjeza, ndipo ICMJE imanena momveka kuti udindo woona zimenezi ndi wa mlembi.

Masiku ano pabweranso mapulogalamu a AI, amene amatha kupeka umboni wooneka bwino, wokhala ndi maina, voliyumu ndi masamba, pomwe pepalalo kulibe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho khalani pansi ndi mndandanda wanu, lembani mutu uliwonse mu PubMed kapena tsegulani DOI yake, ndipo yerekezani maina, chaka ndi masamba ndi pepala lenileni. Umene sukupezeka uchotseni, ngakhale ukhale wogwirizana ndi mfundo yanu chotani.

Musanatumize, werengani malangizo a alembi a magazini imene mwasankha, chifukwa ngakhale otsata Vancouver amasiyana pa zing'onozing'ono: ena amafuna nambala m'mabulaketi, ena amafuna kanambala kakang'ono pamwamba pa mzere, ndipo ena amaika malire a chiwerengero cha maumboni. Tsegulani pepala limodzi lomwe magaziniyo yasindikiza posachedwa, liikeni pambali pa lanu, ndipo pepala likakanidwa n'kufuna kulitumiza kwina, yambiraninso kuyerekeza ndi malangizo a magazini yatsopanoyo.